Katsabola ndi Ife Olera Ana pa Tchuthi

Ndapempha malo kwa akonzi a magazini yathu ino kuti ndikambe nanu, anzanga, pamodzi ndi inu aphunzitsi athu, za matenda amene ambiri timawayesa achabechabe. Ndikunena katsabola. Ena mwa inu museka, ndipo mudzati, "Kodi munthu wa ku sekondale wasowa cholemba kuti azitiuza za matenda a tiana?" Sekani ndithu, koma muyambe mwayankha funso ili: sukulu ikatsekera ife n'kufika kwathu, amayi akalawirira kumunda kapena kumsika, abambo ali kuntchito, amatsala ndi ana pakhomo ndani? Timatsala ndife. Mwana akatentha thupi masana, woyamba kumugwira pamphumi ndife, ndipo wotumidwa kugolosale kukagula mapiritsi ndifenso. Tsono ngati wotumidwayo sadziwa mapiritsi amene angathe kupweteka mwana, sayansi imene akuphunzira kuno yamupindulira chiyani?

Maganizo anga ndi awa. Katsabola payekha sakonda kupha mwana wathanzi. Mwana amavutika sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, kenaka n'kudzuka kukasewera ndi anzake. Koma matendawa amatha kusanduka oopsa m'manja mwa anthu omukonda mwanayo, pamene amupatsa chosayenera, amumana choyenera, kapena akhala naye pakhomo nthawi imene amayenera kukhala ali panjira ya kuchipatala. Zitatu zonsezi n'zotheka kuzipewa, ndipo sizilira ndalama zambiri.

Choyamba ndi kuwazindikira matendawo. Amayamba ndi kachilombo kotchedwa varicella-zoster, kamene kamayenda mumpweya wodwala akamapuma, kutsokomola kapena kuyetsemula, ndiponso kamakhala m'madzi a m'matuza. Kakalowa m'thupi kamakhala chete masiku 10 mpaka 21, chotero makolo ambiri amalephera kukumbukira kumene mwana anawatenga. Mwana amayamba kufooka, kukana chakudya ndi kutentha thupi. Kenaka pamatuluka timadontho tofiira pachifuwa, kumsana ndi kunkhope, timene timasanduka timatuza tamadzi ngati mame, ndipo timatuzato timaphulika n'kuuma kukhala nkhanambo. Chozindikirira chachikulu n'chakuti zonsezi zimaoneka pamodzi: apa dontho latsopano, apo thuza, apo nkhanambo youma, pakuti zimatuluka m'magulumagulu kwa masiku angapo. Mwana mmodzi atha kukhala ndi timatuza 250 mpaka 500, m'mutu momwe ndi m'kamwa momwe.

Agogo athu ena akaona matuza amanjenjemera, chifukwa amakumbukira nthomba, imene inkapha anthu ndi kusiya ena akhungu. Mantha awo ndi omveka, ndipo ngakhale madotolo akale ankasokoneza matenda awiriwa mpaka William Heberden wa ku England anafotokoza kusiyana kwake mu 1767. Koma nthomba inatha. Munthu womaliza kuitenga mwachibadwa anali wa ku Somalia, mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti yatheratu pa dziko lonse. Chikuku nachonso n'chosiyana, pakuti chimadza ndi maso ofiira, chimfine ndi chifuwa, ndipo nsungu zake sizikhala ndi madzi. Amene tiyenera kuchenjera nawo masiku ano ndi matenda a Mpox, amene anapezeka m'dziko muno mu 2025. Matuza ake amafanana ndi a katsabola, koma kawirikawiri amadza ndi mwanabere m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche. Ife si madotolo. Pokayika, tiuze mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwathu adzaone.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandichititsa kutenga cholembera. Ndi nkhani ya asipirini. Mapiritsi amenewa ndi otsika mtengo, amapezeka m'golosale iliyonse, ndipo anthu anawazolowera kotero kuti mutu ukawawa kapena thupi likatentha palibe amene amaganiza kawiri. Koma mwana wa katsabola akamwa asipirini atha kudwala matenda ena amene amatupitsa ubongo ndi kuwononga chiwindi. Matendawa amatchedwa ndi dzina la Douglas Reye, dotolo wa ku Australia amene anawafotokoza pamodzi ndi anzake mu 1963. Sagwira ana ambiri ayi, koma amene amugwira amayamba kusanza kosalekeza, kusokonezeka mutu ndi kugona kosadzuka, nthawi zina pamene aliyense akuti mwana wayamba kuchira, ndipo ena amamwalira. Ku Britain anafika pokhazikitsa kuti mwana wosakwana zaka 16 asamwe asipirini pokhapokha dotolo atalamula. Taonani, anzanga, zaka 16 zimenezo zikukhudza ngakhale ena a ife a Fomu 1 ndi Fomu 2.

Bufeni nayenso si wabwino pa katsabola, pakuti madotolo anaona kuti ana ena amene anamwa mankhwala amtunduwu zilonda zawo zinanyeka kwambiri mpaka kulowa m'mnofu. Amene atsala ndi panado, womwetsa molingana ndi msinkhu kapena kulemera kwa mwana monga kwalembedwa pabotolo, osapitirira kanayi pa maola 24. Apa m'pamene kudziwa kuwerenga kumagwira ntchito. Mapiritsi ena a mutu amene amagulitsidwa ndi maina okongola ali ndi asipirini m'kati mwake, ndipo wogulitsa sangakuuzeni, pakuti mwina iyenso sadziwa. Tembenuzani kapaketi muwerenge timalemba tating'ono takuseri. Ngati akupatsani mapiritsi opanda paketi, okulunga m'kapepala, musalandire. Ndipo makapisozi amene anthu amakonda kugula pamsika sapha kachilombo ka katsabola. Ntchito yake ndi ina, ndipo wolamula ndi dotolo akaona kuti zilonda zalowa tizilombo tina.

Nkhani yachiwiri ndi yovuta kuposa iyi, chifukwa imatiika maso ndi maso ndi akuluakulu. M'makomo ambiri muli chikhulupiriro chakuti mwana wa matuza asasambe kufikira atachira, kuti madzi angabweze matenda m'kati. Ena amamufunditsa mabulangete n'kutseka zitseko ndi mazenera kuti matuza atuluke onse msanga. Enanso amamupaka phulusa, dothi kapena masamba osinja. Ine ndikuti zonsezi zimaonjezera mavuto. Katsabola amayabwa koopsa, ndipo thukuta ndi kutentha zimaonjezera kuyabwako. Mwana akayabwidwa amakanda, akakanda thuza limang'ambika, ndipo litsiro la m'zikhadabo ndi la pakhungu losasamba limalowa pabalapo. Vuto limene limagwera ana a katsabola kawirikawiri ndi lomwelo, zilonda kulowa mabakiteriya n'kuyamba mafinya. Zipsera zakuya zimene timaona pankhope za anzathu ena zinachokera pamenepo. Matenda sabwerera m'kati chifukwa cha madzi. Anali kale m'magazi thuza loyamba lisanatuluke.

Chotero mwana asambe tsiku ndi tsiku m'madzi oyera ofunda pang'ono, ngakhale kawiri kukatentha. Musamukhule ndi chinkhupule kapena mwala. Mungomuthira madzi, ndipo pomupukuta muzingogunditsa kansalu kofewa pakhungu, osakokera. Kansaluko kakhale kakekake, kachapidwe ndi sopo ndi kuyanikidwa padzuwa. Amene angathe kupeza mankhwala opaka aja otuwa ofiirira otchedwa kalamayini apake pamatuza, kupewa m'maso ndi m'kamwa, pakuti amaziziritsa khungu. Zovala zikhale zopepuka, zathonje, zosathina. Zikhadabo ziwengedwe mpaka kufupika, ndipo kwa kamwana kosamva kuletsa, muveke masokosi oyera m'manja usiku, chifukwa kukanda kwambiri kumachitika m'tulo. Wamkulupo muuzeni kuti pamene payabwa azisisita ndi chikhatho, ndipo mumutangwanitse ndi nthano, bawo kapena kujambula. Mwana amene akumvetsera za Kalulu ndi Fisi amaiwala msana wake kwa kanthawi.

Nanga agogo akakana, titani? Apa ndipo ambiri a ife timalephera m'njira ziwiri. Ena timangokhala chete poopa kutchedwa amwano, kuiwala kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ena timafika ndi matama a sukulu, kunena kuti zimenezo n'zachikale, ndipo agogo akapsa mtima mwana ndiye amavutika, pakuti palibe amene atimverenso. Akuluakulu aja analera ana ambiri ife tisanabadwe, ndipo pa zinthu zina amanena zoona. Akati mwana wodwala asapite kukasewera ndi anzake, akunena zomwezo zimene anena madotolo. Akati mlendo wapakati asalowe m'nyumbamo, akunenanso zoona. Tiyambire pamenepo. Munthu angathe kugwada n'kunena kuti, "Agogo, mwanena bwino kuti mwanayu asatuluke. Koma taonani momwe akukandira. Kodi mungandilole ndimuthire timadzi tofunda, inu muli pompo mukuona? Akapanda kupezako bwino ndisiya." Mwana akagona tulo tabwino usiku umenewo, mawa lake ndi agogo omwewo amene adzatereka madzi. Zikakanika, kaitaneni mlangizi wa zaumoyo kapena namwino, pakuti mawu omwewo akachoka pakamwa pa munthu wovala yunifolomu amalemera kuposa athu. Pa asipirini pokha ndikuti tisagonje, ngakhale atitche amwano.

Za chakudya sindichulukitsa. Matuza a m'kamwa amawawa, ndipo mwana amakana kudya ndi kumwa. Kusadya masiku awiri si koopsa kwenikweni, koma kusamwa ndi koopsa. Mupatseni madzi aukhondo pang'onopang'ono koma pafupipafupi, phala lamadzimadzi lozizira, nthochi yakupsa, mbatata yophwanya. Woyamwa apitirize kuyamwa. Zowawasa monga mandimu, bwemba ndi malambe, zamchere wambiri ndi za tsabola zidikire kaye. Muziyang'ana ngati akukodza monga mwa masiku onse.

Pali anthu ena amene katsabola sawachitira chifundo. Mayi woyembekezera amene sanadwalepo matendawa atha kudwala chibayo choopsa, ndipo mwana wa m'mimba atha kupwetekeka. Khanda lobadwa kumene lili pangozi, makamaka ngati mayi ake atuluka matuza kuyambira masiku 5 asanachire mpaka masiku 2 atachira. Chimodzimodzinso anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka, monga ena amene ali ndi HIV, olandira mankhwala a khansa, ndi ana onyentchera. Wotere akakhala pafupi ndi wodwala apite kuchipatala msanga osadikira matuza, ndipo akatuluka matuza asagone nawo pakhomo, pakuti mankhwala otchedwa acyclovir amathandiza kwambiri akayambidwa m'maola 24 oyamba. Chovuta n'chakuti wodwala amayamba kupatsira ena tsiku limodzi kapena awiri matuza asanaoneke, ndipo amapitiriza mpaka thuza lomaliza litauma. Pa anthu 10 a m'nyumba imodzi amene sanadwalepo, pafupifupi 9 amawatenga. Tsono pakhomo pakagwa katsabola, tumizani mawu kwa azakhali apakati aja kuti asabwere kudzazonda. Adzadandaula, koma adzakhululuka.

Izi zikutikhudza ifenso eni ake. Kumaiko ozizira pafupifupi mwana aliyense ankadwala katsabola ali wamng'ono, koma kumaiko otentha anthu ambiri amakula osawadwala, n'kudzawatenga ali anyamata kapena akuluakulu, ndipo pa msinkhu umenewo amapweteka kwambiri kuposa paubwana. Choncho musanadzipereke kulera wodwala, funsani amayi ngati munadwalapo. Amene anadwalapo ndiye asambitse mwana, chifukwa kawirikawiri munthu sadwala kawiri. Amene sanadwalepo athandize ntchito zakunja, kutunga madzi, kuphika ndi kupita kugolosale. Ndipo pano ndilankhule ndi anyamata anzathu. Ngati mlongo wanu sanadwalepo katsabola pamene inu munadwala, ntchito yosambitsa mwana ndi yanu, ndipo musaikankhire kwa iye chifukwa choti ndi mtsikana. Kachilomboka sikafunsa kuti wavala siketi ndani.

Ndamvapo anthu ena akunena kuti ndi bwino ana onse a pakhomo agone pamphasa imodzi ndi wodwalayo, kuti adwalire pamodzi nkhani ithe. Maganizo amenewa si opusa kotheratu, pakuti n'zoona kuti paubwana matendawa amapepuka, ndiponso katemera wake sali m'gulu la akatemera amene ana amalandira kusikelo kuno kwathu. Katemerayo alipo, anamupanga Michiaki Takahashi wa ku Japan mu 1974, ndipo dziko la United States linayamba kumugwiritsa ntchito mu 1995. Wa chikuku uja amene ana athu amabayidwa sateteza katsabola. Komabe ine sindivomereza kupatsira mwana matenda mwadala. Palibe amene angaloze pakati pa ana anayi kuti amene adzadwale chibayo kapena kutupa ubongo ndi uyu. Mwana wina atha kukhala ndi chitetezo chofooka makolo osadziwa. Kuonjezera apo, ana otengera matendawa kwa m'bale wawo m'nyumba momwemo amakonda kudwala kwambiri kuposa woyambayo. Ndipo taganizani mayi mmodzi, ana anayi onse akulira usiku umodzi. M'nyumba ya zipinda ziwiri kupatula wodwala n'kovuta, ndikudziwa, ndipo mwina enawo adzadwalabe. Koma kudwala kumene kwadza tikuyesetsa kukupewa n'kosiyana ndi kumene takuitana tokha.

Kodi mwana timunyamula liti? Gawo ili lisungeni pamtima ngati mmene mumasungira masamu a mayeso. Khungu lozungulira thuza likafiira kwambiri, kutupa, kutentha, kuwawa kapena kutuluka mafinya. Thupi likatentha kupitirira masiku 4, kapena likazizira n'kuyambanso kutentha. Mwana akamapuma mofulumira kapena movutika. Akauma khosi, akamadzandira poyenda, akamagona osadzutsika, akakomoka kapena kusanza kosaleka. Akaleka kumwa ndi kukodza. Matuza akamatuluka magazi kapena akafika m'diso. Pa chilichonse mwa izi, njinga ituluke nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Khanda losakwana miyezi 3 likangotentha thupi, palibe kudikira. Mukafika kuchipatala uzani namwino pakhomo pomwe kuti mwana ali ndi matuza, kuti asakukhazikeni pamzere umodzi ndi amayi apakati ndi makanda.

Ndionjeze chimodzi chimene mabuku olembedwa kumaiko akutali sanena. Kuno kwathu kuli malungo, ndipo udzudzu susiya mwana chifukwa choti wadwala kale matenda ena. N'zotheka mwana kukhala ndi katsabola ndi malungo nthawi imodzi, ife n'kumati kutentha thupi konseko n'kwa matuza. Ngati thupi latentha kwambiri, mwana akayezedwe magazi. Ndipo apitirize kugona m'neti, imene ithandizanso masana kutchinga ntchentche kuti zisatere pazilonda.

Mwina ena simudziwa kuti kachilombo ka katsabola sikachoka m'thupi munthu akachira. Kamakabisala m'mitsempha pafupi ndi msana, ndipo patapita zaka zambiri kangathe kudzuka n'kutulutsa matuza owawa mbali imodzi ya thupi. Amenewo ndiwo mashingozi. Anthu amakonda kunong'onezana akaona munthu wa mashingozi, ngati kuti aliyense wotero ali ndi HIV, chonsecho ukalamba wokha umatha kuwadzutsa. Chofunika kwa ife olera ana n'chakuti mwana amene sanadwalepo katsabola atha kumutenga pokhudza madzi a m'matuza a mashingozi. Agogo akadwala mashingozi aphimbe matuzawo ndi nsalu yoyera, ndipo aleke kaye kubereka mdzukulu kumbuyo.

Kwa inu aphunzitsi athu ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, tikupempha phunziro limodzi lokha pa teremu, tisanatsekere, la kasamalidwe ka mwana wodwala pakhomo, ndipo ngati n'kotheka adzatiphunzitse ndi namwino, atabwera ndi mapaketi enieni a mankhwala kuti tizolowere kuwerenga zakuseri kwake. Timajambula mtima ndi impso mokongola m'makope, koma ambiri sitingathe kuyeza mlingo wa panado wamadzi. Lachiwiri likukhudza tsiku lotsegulira. Wophunzira amene wachoka pakhomo pamene pali katsabola, iye asanadwalepo, atha kufika kuno ali bwinobwino n'kutuluka matuza patapita sabata ziwiri kapena zitatu, m'chipinda chogona anthu ambiri. Wotere azitha kunena poyera tsiku lofika popanda kuopa kusekedwa kapena kubwezedwa, kuti oyang'anira ogonera azimuyang'anira kufikira masiku 21 atakwana, ndi kumupatula akangoyamba kutentha thupi. Ndipo amene wadwalira kunyumba n'kuchedwa kubwera, asalandire chilango cha ochedwa. Akhale kwawo mpaka matuza onse atauma kukhala nkhanambo, zimene zimatenga masiku 5 mpaka 7 chitulukire matuza oyamba, ndipo anzake a m'kalasi amusungire zolemba.